ZA UMOYO: Usiku umodzi pa makina opima tulo

M'midzi yambiri muli nyumba imodzi imene anthu odutsa usiku amaidziwa ndi khutu. Mwini wake akangogona, mkonono wake umapyola mpanda nufika mpaka kunkhokwe za anansi. Ana amauyesezera masana pamasewera, akulu amangoseka, ndipo ena amati munthu wogwira nchito zolimba ndiye amagona cotero. Mwini mkononoyo akauzidwa amakana kwa mtu wa galu, pakuti iye sanadzimvepo.

Koma mai amene amagona pambali pa bamboyo amadziwa cina cimene odutsa panja sacidziwa. Pakati pa mkononowo pamagwa bata. Phokoso limaduka mwadzidzidzi, m'nyumba muli zii, cifuwa ca bambo cikukwera ndi kutsika monga ca munthu wofuna kupuma, koma mpweya sulowa. Mai amadikira mtima uli m'mwamba. Kenaka bambo amadzidzimuka ndi liu ngati la munthu wobvuuka m'madzi, natembenuka, mkonono nuyambanso. Mai akawagwedeza nati, "Bambo, tembenukani, mwaleka kupuma," yankho limakhala lakuti, "Ndilekeni, ndagona bwino ine." Kukaca sakumbukira kanthu.

Bata limeneli madotolo amaliopa koposa phokoso. Matendawa pa Cingerezi amachedwa sleep apnoea, ndiko kuti kuleka kupuma m'tulo, ndipo njira yowatsimikizira ndiyo kugoneka munthu usiku wathunthu pa makina amene amalemba zonse zocitika m'thupi lake iye ali mtulo.

Ciyambi ca bvutoli ciri pakhosi. Njira ya mpweya kuseri kwa lilime iribe fupa loicirikiza. Ndi mnofu wofewa, wonga cubu ca njinga, ndipo masana minofu ya pakhosi imaigwira kuti ikhale yotseguka. Munthu akagona minofuyo imalefuka. Kwa anthu ambiri njira imangocepa pang'ono, mpweya nupitabe. Kwa ena imacepa kwambiri kotero kuti mnofu umanjenjemera mpweya ukamadutsa, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiwo mkonono. Kwa enanso njirayo imaphwafuka ndi kutsekeka. Mpweya wa okosijeni umayamba kucepa m'magazi, bongo umazindikira ngozi, numdzutsa munthuyo kwa kamphindi kuti khosi litseguke. Kudzukako kumakhala kwa masekondi owerengeka cabe, n'cifukwa cake munthu sakukumbukira. Komabe tulo tadukapo, ndipo ngati tiduka motero kambirimbiri usiku uliwonse, munthu amauka wotopa ngati sanagone, mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa.

Masana akakhala pansi pa mtengo amaodzera. Amaodzera pa msonkhano wa mfumu, m'chalichi, ngakhale nkhani iri pakamwa. Apa awerengi a m'cigwa ca Luangwa, monga a ku Mambwe ndi ku Chama, ayenera kusiyanitsa bwino. Kuodzera kumeneku si matenda a kaodzera obwera ndi nchenche za kashembe. Kacirombo ka kaodzera wa kuno kanazindikiridwa m'caka ca 1910 ndi madotolo a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, m'magazi a munthu amene analumidwa m'cigwa comweci ca Luangwa. Kaodzera amadza ndi kutentha thupi ndi litsipa, nthawi zina ndi cironda pamalo polumidwa, amakula m'masabata kapena miyezi yocepa, ndipo amapha ngati munthu salandira mankhwala. Amapezeka popima magazi, ndipo wokhala ndi zizindikiro zotere athamangire kucipatala tsiku lomwelo. Kuleka kupuma m'tulo kulibe kacirombo. Kumakhala ndi munthu zaka zambiri, ndipo m'magazi otengedwa masana simuoneka kanthu. Dotolo akayang'ana pakhosi masana amapeza njira iri yotseguka. Ndico cifukwa cake afunika kumuona munthuyo ali mtulo.

USIKU WA KUPIMA

Nkhani ya kupimaku imamveka bwino poitsata ndi munthu mmodzi. Akhale bambo wa zaka za m'ma 40, wojinca, wa khosi lalikulu, woyendetsa lole pa mseu wa Great East pakati pa Lusaka ndi Chipata. Dotolo wamupeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi amene sakumva mankhwala, mkazi wake wafotokoza za bata lija, ndipo walemberedwa tsiku lopita kukagona ku nyumba yopimira tulo.

Malangizo a tsikulo ndi apafupi. Asagone masana. Asamwe mowa, ndipo kuyambira masana aleke tiyi, khofi ndi zakumwa zina zocotsa tulo. Asambe m'mutu ndi sopo koma asadzole mafuta m'tsitsi kapena pankhope, pakuti mafuta amaletsa timawaya kumata. Adye cakudya camadzulo monga mwa nthawi zonse, atenge zobvala zogonera ndi mankhwala ake onse kuti dotolo awaone.

Amafika ca m'ma 8 koloko usiku. Cipinda cake sicifanana ndi wodi ya odwala ambiri. Muli bedi limodzi, mpando, ndi kamera pakhoma imene imaona ngakhale mumdima. Woyang'anira makina amamulonjera, namufunsa mafunso a za tsikulo, namukhazika pa mpando. Pamenepo pamayamba nchito imene imatenga pafupifupi ola lathunthu.

Coyamba ndi mutu. Woyang'anira amaupima ndi tepi ngati telala wopima nsalu, nalemba timadontho pakhungu ndi pensulo yofewa. Pa kadontho kalikonse amapatula tsitsi, napukuta khungu ndi mankhwala okhakhala ngati mcenga wosalala, namatapo kacitsulo kakang'ono konga kabatani ka malaya, kokhala ndi waya woonda. Comatira cake ndi phala loyera, lozizira, logwira ngati ulimbo. Tizitsulo tina amatiika kuseri kwa makutu, tina pambali pa maso, tina pacibwano, tiwiri pacifuwa kuti timve mtima, ndi tina pa misongolo ya miyendo yonse iwiri. Kenaka amamanga malamba awiri otamuka, lina pacifuwa, lina pamimba. M'mphuno amalowetsa pang'ono kapaipi kofewa ka nsonga ziwiri, kamene kamakoledwa kumakutu. Pakhosi pamamatidwa kacipangizo komva mkonono. Pa cala amabveka kopanira kokhala ndi nyale yofiira, kamene kamawerenga okosijeni m'magazi popanda kuboola khungu.

Pomaliza mawaya amakhala oposa 20. Onse amasonkhanitsidwa kumbuyo kwa mutu ngati tsitsi lolukidwa, nalumikizidwa ku kabokosi kamodzi kamene munthu angathe kukoleka m'khosi poyenda. Wodziyang'ana pagalasi nthawi imeneyo angaseke kapena kucita mantha, ndipo ambiri amacita zonse ziwiri.

Mantha aakulu ndi a magetsi. Munthu wozolowera kumva kuti waya wa magetsi amapha saona cifukwa cololera mawaya pamutu pake. Funso lakuti, "Kodi sindigwidwa ndi malaiti, amai?" ndi loyenera, ndipo yankho lake ndi lomveka. Mawaya a pamutu salowetsa kanthu m'thupi. Nchito yao ndi kumvetsera. Bongo wa munthu umapanga mphamvu yakeyake ya magetsi, yaing'ono koposa, yocepa kambirimbiri poyerekeza ndi ya batire limodzi la toci. Makina amatola mphamvu imeneyo, naikulitsa, naijambula ngati mizere yokwera ndi kutsika. Palibe jekeseni, palibe kutenga magazi, palibe mankhwala ogonetsa pokhapokha dotolo atalamula. Cowawa cimene munthu angacimve ndi kukhakhala kwa mankhwala opukutira khungu, ndi kucotsa pulasitala m'mawa pamalo pamene pali ubweya.

Bamboyo atagona pabedi, woyang'anira amapita ku cipinda cina kumene kuli kompyuta, nayamba kulankhula naye pa kacipangizo ka pakhoma. "Bambo, tsegulani maso, yang'anani kudenga. Tsopano tsinzinani. Yang'anani kumanzere, kumanja, osatembenuza mutu. Phethirani kasanu. Kukutani mano. Gwedezani zala za phazi lamanzere. Bayani mpweya pang'ono. Tsopano lizani mkonono wabodza." Munthu wamkulu amaona ngati akumuseweretsa, koma woyang'anira akufuna kutsimikiza kuti waya aliyense akulemba cinthu cake. Zikatha izi nyale imazimitsidwa, ndipo nthawi yake imalembedwa.

Apa ndipo pali bvuto lenileni la usikuwo. Munthu amene amaodzera pa maliro ndi pa ciongolero comwe, tsopano wauzidwa kuti agone, ndipo tulo tathawa. Bedi ndi lacilendo. Kapaipi kakuyabwa m'mphuno. Kanyale kofiira kakuwala pa cala. Akafuna kutembenuka amaopa kudula waya, ngakhale anauzidwa kuti atembenuke mmene afunira. Ndiponso amadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli munthu amene akumuyang'ana, pamene kwao munthu wamkulu saonereredwa ali mtulo ndi mlendo. Madotolo amadziwa zimenezi. Anaona kale kuti usiku woyamba pamalo opimira anthu amacedwa kugona ndipo tulo tao timakhala topepuka, kotero amaziganizira powerenga zotsatira. Safuna tulo tokoma. Amafuna maola okwanira kuti aone mmene khosi limacitira, ndipo makina amasiyidwa akulemba maola 6 kapena kuposa.

Cimene cimadabwitsa ambiri n'cakuti m'mawa amalumbira kuti sanagone ngakhale pang'ono, pamene mizere ikusonyeza kuti anagona maola anai kapena asanu. Munthu si mboni yabwino ya tulo take.

Wofuna kupita kucimbudzi amangoitana. Woyang'anira amabwera, nacotsa cingwe cimodzi ca kabokosi kaja, munthu napita ndi mawaya ake onse. Anthu a matendawa amadzuka kawirikawiri kukataya madzi usiku, kotero woyang'anira sadabwa nazo. Nthawi zina iye mwini amalowa ndi toci pakati pa usiku kudzamatanso waya amene wacoka ndi thukuta. Nthawi zina amapempha kuti, "Bambo, gonaniko cagada," pakuti pogona cagada lilime limagwera kumbuyo ndipo matenda amaonekera poyera.

ZIMENE WOYANG'ANIRA AMAONA

Kuseri kwa khoma, pa kompyuta pamayenda mizere yambiri, uliwonse ndi nkhani yake. Mizere ya bongo ndiyo imanena ngati munthu ali maso kapena wagona. Woyamba kujambula mizere imeneyi pa munthu anali dotolo wa ku Germany, Hans Berger, mu mzinda wa Jena m'caka ca 1924, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1929. Munthu akatsinzina ali maso, mizere imakhala yaing'ono ndi yofulumira. Akalowa m'tulo tofa nato, imasanduka mafunde akulu oyenda pang'onopang'ono.

Kale anthu ophunzira anali kuganiza kuti tulo ndi cinthu cimodzi, monga moto wozima. Mu 1953 Eugene Aserinsky ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman a pa University of Chicago ku America anasonyeza kuti si tero. Aserinsky anayamba kuyesa makina ake pa mwana wake wa zaka 8, ndipo anaona kuti nthawi zina usiku maso a mwanayo anali kuthamanga uku ndi uku pansi pa zikope, bongo uli kugwira nchito ngati wa munthu wodzuka, pamene mwanayo ali mtulo. Anthu odzutsidwa pa nthawi yotere ambiri anali kunena kuti anali kulota. Tsopano n'zodziwika kuti tulo timayenda mozungulira: topepuka, tozama, kenaka ta maloto, ndipo ulendo umodzi wotere umatenga mphindi pafupifupi 90, nubwerezedwa kanai kapena kasanu usiku umodzi.

Pa nthawi ya maloto thupi limamangidwa. Minofu ya manja ndi miyendo imalefukiratu kuti wolota akuthawa njobvu asadzuke ndi kuthamangadi. Waya wa pacibwano ndiye amasonyeza kulefuka kumeneku. Zikacitika kuti bongo wadzuka thupi lisanamasuke, munthu amapezeka ali maso koma sangathe kugwedeza dzanja kapena kupfuula, ndipo amamva ngati cinthu colemera camukhalira pacifuwa. M'midzi zotere zadanitsa abale, ena atachulidwa ufiti. Madotolo amazidziwa bwino, zimacitikira anthu a mitundu yonse, makamaka otopa ndi osagona mokwanira, ndipo zimatha zokha m'kamphindi. Kwa wodwala matenda a kuleka kupuma, nthawi ya malotoyi ndiyo yoopsa koposa, pakuti khosi nalo limalefuka kwambiri ndipo bata limatalika.

Makina saona maloto. Amangodziwa kuti munthu ali pa nthawi yolota, koma cimene akulota ndi cinsinsi cake. Komabe wokonda kubwebweta kutulo adziwe kuti m'cipindamo mau amamveka.

Khosi la woyendetsa lole uja likatsekeka, woyang'anira amaona motere. Mzere wa mpweya wa m'mphuno umagona pansi, kuti phwa. Mizere ya malamba awiri ikupitirizabe kukwera ndi kutsika, kusonyeza kuti cifuwa cikulimbana ndi khomo lotseka. Nambala ya okosijeni, imene kwa munthu wabwino imakhala pakati pa 95 ndi 100, imayamba kutsika: 92, 88, 84, ndipo kwa odwala kwambiri imafika m'ma 70. Mtima umayenda pang'onopang'ono. Kenaka mizere ya bongo imalumpha, khosi limatseguka ndi mkonono waukulu, mtima uthamanga, magazi akwera mphamvu. Mphindi imodzi kapena ziwiri zikapita, zonse zimayambanso. Mtima umene unayenera kupumula usiku umagwira nchito ngati wa munthu wokwera phiri, usiku ndi usiku, caka ndi caka. Ici ndico cimalumikiza matendawa ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, ndi kufa ziwalo mbali imodzi.

Si khosi lokha limene limapimidwa. Mawaya a pa misongolo amagwira miyendo imene imapalasa yokha usiku wonse ndi kudula tulo. Kamera imaona woyenda kutulo, womenya nkhonya kutulo, ndi wogwa khunyu usiku. Ena amene amagwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana popanda mkonono amasungidwanso tsiku lotsatira, napatsidwa mpata wogona kasanu, maola awiri aliwonse, kuti dotolo aone kuti tulo timawatenga msanga motani.

Ca m'ma 6 koloko m'mawa woyang'anira amayatsa nyale. Kucotsa mawaya kumatenga mphindi zocepa. Cotsala ndi phala lija m'tsitsi, limene limacoka ndi madzi ofunda ndi sopo, ndi timizere pa masaya pamene panadutsa kapaipi. Munthu amatha kupita kunchito tsiku lomwelo. Akafunsa kuti, "Nanga mwapeza ciani?" woyang'anira kawirikawiri amangoyankha kuti adikire dotolo. Si mwano ai. Usiku wonse uyenera kuwerengedwa m'zigawo za masekondi 30, cimodzi cimodzi, ndipo maola 8 ali ndi zigawo 960. Makompyuta asanabwere, cigawo ciriconse cinali tsamba la pepala lolembedwa ndi inki, kotero tulo ta munthu mmodzi tinali mtolo wa mapepala wonyamula ndi manja awiri.

ZOTSATIRA

Dotolo amawerenga nthawi zonse pamene mpweya unaleka kapena kucepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposa, nagawa ndi maola amene munthu anagona. Zosafika 5 pa ola sizidetsa nkhawa. Kuyambira 5 kufika 15 ndi matenda ocepa, 15 kufika 30 ndi apakati, ndipo 30 kapena kuposa ndi aakulu. Bambo amene wapezeka ndi 40 pa ola, nagona maola 6, ndiye kuti analeka kupuma bwino nthawi 240 usiku umodzi. Ameneyu ndi munthu yemwe uja wonena kuti, "Ndagona bwino ine."

Matendawa si a anthu owerengeka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 m'magazini ya madotolo ya The Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti pa dziko lonse anthu 936 miliyoni a zaka za pakati pa 30 ndi 69 ali nao, ndipo mwa iwo 425 miliyoni ali ndi apakati kapena aakulu. Amagwira amuna koposa akazi, koma amai nao amawapeza kwambiri akasiya kusamba. Kunenepa, khosi lalikulu, nsagwada yaing'ono, mphuno yotsekeka, mowa ndi fodya zimaonjezera. Ana nao sasiyidwa. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, kawirikawiri amakhala ndi zotupa za kukhosi zimene madotolo amati matonsilo, ndipo zikacotsedwa kucipatala ambiri amacira.

Kwa woyendetsa galimoto nambala ija ndi nkhani ya moyo wa anthu ena. Ofufuza anapeza kuti madalaivala a matendawa amene sanathandizidwe amacita ngozi kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi anzao. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akatsinzina masekondi 5, loleyo yayenda yokha mtunda woposa bwalo la mpira. Odziwa mapiri ndi makona a Manenekela asanafike pa mlatho wa Luangwa adziwa kuti pamenepo palibe mamita 100 oongoka oyembekezera munthu kuti adzuke.

Madotolo a ku France ndi Germany analongosola matendawa mu 1965, koma kwa zaka zambiri thandizo la odwala kwambiri linali lowawa: kuboola khosi pansi pa mmero ndi kuikapo kapaipi. Zinthu zinasintha mu 1980 ku Sydney m'dziko la Australia. Dotolo Colin Sullivan anali ndi wodwala amene anakana kubooledwa. Sullivan anatenga injini ya makina oyamwa fumbi m'nyumba, naikonza kuti iziuzira mpweya, nailumikiza ndi paipi ku mphuno za wodwalayo. Mpweya wokankhidwawo unagwira khosi kuti lisaphwafuke, monga mmene pampu imadzutsira cubu ca njinga. Wodwalayo anagona usiku umenewo osaleka kupuma. Nkhaniyi inafalitsidwa mu 1981, ndipo makina amenewa, ochedwa CPAP, ndiwo thandizo lalikulu la matendawa kufikira lero. A masiku ano ndi aang'ono ngati wailesi ndipo sasokosa.

Wopezeka ndi matenda aakulu amabwereranso usiku wina kuti woyang'anira apeze mphamvu ya mpweya yomuyenera. Nthawi zina zonse zimacitika usiku umodzi: ngati maola oyamba asonyeza poyera kuti zinthu zaipa, woyang'anira amalowa pakati pa usiku ndi cophimba mphuno, nati, "Pepani bambo, tiyeseko ici." Poyamba cimabvuta. Mpweya umakankha, munthu akatsegula pakamwa umatulukira m'kamwa, ndipo ena amacibvula ali mtulo. Kuzolowera kumatenga masiku kapena masabata. Makinawa sacotsa matenda. Amagwira nchito usiku umene abvalidwa, ndipo usiku umene asiyidwa khosi limabwerera ku khalidwe lake.

Apa coonadi ciyenera kunenedwa. Makina opima tulo sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Ndi a m'zipatala za m'mizinda ikuluikulu, ndipo mu Africa muno nyumba zotere n'zocepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu. Kupimako kumadya ndalama, CPAP nayo imadya ndalama, ndipo imafuna magetsi kapena batire lamphamvu usiku uliwonse. Kulinso timakina tating'ono topimira kunyumba, tokhala ndi lamba mmodzi, kapaipi ka m'mphuno ndi kopanira ka pa cala. Timeneti timapepuza mtengo ndipo munthu amagona pa mphasa yake, koma tambiri sitiona bongo, kotero sitidziwa ngati munthuyo anagonadi, ndipo tingaphonye matenda ocepa.

Izi sizitanthauza kuti banja la kumudzi liribe cocita. Zambiri zimene makina amalemba, mai wa m'nyumba amaziona ndi maso ndi kuzimva ndi khutu. Angathe kutenga koloko kapena foni, nawerenga kuti bata likutenga masekondi angati ndipo likubwera kangati pa mphindi 30. Angathe kujambula mau ake pa foni kuti dotolo adzimvere yekha. Angathe kuona ngati zimacepa bambo akagona cammbali, ndiponso ngati zimakula tsiku limene abwera kumowa. Popita kucipatala ndi bwino kuti apite onse awiri, pakuti wodwala adzangonena za mutu ndi kutopa, napatsidwa mapiritsi a mutu. Bambo amene amakalipa akauzidwa za mkonono wake akumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Wogwira nchito pa kiliniki angapime kuthamanga kwa magazi, shuga ndi sikelo, nayang'ana mphuno ndi kukhosi, nalemba kalata ya ku cipatala cacikulu ngati kufunika. Wonenepa akatsitsa thupi, kuleka kupumako kumacepa, ndipo kwa ena kumacepa kwambiri. Mowa wa madzulo ndi mapiritsi ogonetsa ogula popanda dotolo amalefula khosi ndi kucedwetsa bongo kudzutsa munthu, kotero ndi oopsa kwa wodwala wotere. Kuti munthu asagone cagada, njira yakale imene madotolo amalangiza ndiyo kusokera kampira kumsana kwa malaya ogonera. Citsononkho ca cimanga cingagwire nchito yomweyo. Ndipo dalaivala amene maso ayamba kulemera aimike galimoto pamalo abwino nagone pang'ono, pakuti kutsegula zenera ndi kukweza wailesi sikucotsa tulo.

Kwa amene apeza CPAP naizolowera, kusintha kumaoneka msanga. Kuodzera masana kumacepa, mutu wa m'mawa umaleka, maulendo a kucimbudzi usiku amacepa. Wobvutika masiku oyamba nthawi zina amakhala mai. Atakhala zaka zambiri akugona khutu limodzi liri chire, tsopano m'nyumba mulibe mkonono, ndipo bata kwa iye linali kutanthauza cinthu cimodzi cokha. Amadzuka pakati pa usiku, naika dzanja pacifuwa ca mwamuna wake, nadikira kufikira atamva cikukwera ndi kutsika.